A Makiyi ndi Suti Yobwereka

Nyumba ya a Layisoni Kamwendo ku Mitundu anaisasula malata onse. Anazulanso zitseko ziwiri, mafelemu a mawindo, ngakhale thanki ya madzi yomwe inali isanakwezedwe n'komwe. Anachita zimenezi ndi abale awo enieni, patangotha milungu itatu chiwaikire m'manda, mkazi wawo a Nabanda ali chilili pabwalo ndi duku lakuda kumutu. Chinayambitsa zonsezi ndi kanema wa mphindi imodzi amene anajambulidwa kuno ku Doha. Lero chakwana chaka chimwalirireni mkuluyu. Ine Yamikani, amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi ku Najma, dera lina la mzindawu, ndatopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi pa foni, ndiye ndilemba kamodzi basi.

Amalawi ambiri kuno dzina loti Layisoni sankalidziwa. Tinkawatchula a Makiyi. Anabwera ngati dalaivala wa kampani ina yochititsa lendi nyumba, ndipo pa mapepala anakhalabe dalaivala zaka zisanu ndi zinayi, koma galimoto linali gawo laling'ono la ntchito yawo. Ankayenda ndi mulu wa makiyi atawatunga pa waya wa hang'ala. Kiyi aliyense anali ndi kadontho ka utoto wa m'zikhadabo, wofiira, wabuluu, wina madontho awiri, chifukwa timapepala tomata ankati timachoka ndi thukuta. Anali afupi, a mapazi aakulu, otsimphina pang'ono mwendo wamanzere, ndipo unkayamba kuwamva usanawaone. Tiyi ankamwa wa shuga wambiri ngakhale adokotala anawaletsa. Ankaliza mkonono moti munthu unkalakalaka kubwerera ku ntchito. Chaja yanga ankaitenga osapempha, n'kumakana ili m'thumba mwawo.

Ntchito yawo yeniyeni inali iyi. Munthu akafuna kudzaona nyumba nthawi ya folo, a Makiyi ankafikako thu koloko. Ankayatsa AC kuti mpweya wotentha utuluke. Ankasesa mphemvu zakufa. Kenako ankatenga botolo la madzi n'kuthira m'mabowo onse otulutsira madzi, kubafa ndi kukhitchini, chifukwa nyumba ikakhala yopanda munthu madzi a m'mapaipi amauma ndipo fungo la kuchimbudzi limakwera. Pomwe matailosi anasweka ankakokerapo sofa. Pomaliza ankafukiza lubani, n'kutsika kukaima pafupi ndi galimoto ngati munthu wosadziwa kanthu. Ndiye pamenepo pankatulukira ejenti, mnyamata wa ndevu zometa ngati anachita kuyeza ndi rula, amene a Makiyi ankamutchula Mwana wa Perefyumu. Iyeyo ankangokankha chitseko n'kutambasula manja.

Ine ndine mlonda pa nyumba ina yosanjikizana ku Al Khulaifat, ndipo mafulati ena m'menemo ndi a kampani yomweyo. Pamalo ofikira alendo pali TV yomwe sizima. Masana imaonetsa mapulogalamu a anthu ogulitsa nyumba: azimayi a nsapato zazitali ngati misomali, azibambo otsika m'magalimoto opanda denga, kuseka, kukumbatirana, kugundanitsa matambula. A Makiyi akamadikira kasitomala ankakhala pa mpando wanga, ine n'kuimirira.

"Yamikani, tandiuza. Mayi uyu makiyi wawaika pati? Diresi limeneli lilibe thumba."

"Chitseko anachipeza chotsegula kale, madala."

"Watsegula ndani?"

"Sanamuonetse."

"Ameneyo ndiye ine. Taona, akulowa kubafa. Eee, akuti fungo labwino! Ndiye kuti mnzanga wina wathirako madzi. Mulungu amudalitse kumene aliko."

Ankaseka mpaka makiyi kulira, koma ine sizinkandiseketsa. Ndinkawafunsa kuti bwanji osangoisiya ntchitoyo, munthu wamkulu ngati iwo kumatola mphemvu kuti kamwana kadyerepo komishoni. Ankandiyankha kuti nyumba ya ku Mitundu siinafoleredwe, ndipo munthu ngati ine amene anathawa Fomu 3 chifukwa aphunzitsi anamukalipira alibe pakamwa pophunzitsira ena kupirira. Mawu amenewo ankandipweteka, ndipo iwo ankadziwa, n'chifukwa chake ankawabwereza.

Lachisanu, tsiku lopuma, pachipinda pathu pankabwera Amalawi ofuna malo ogona, aliyense ndi foni m'manja. Ankawawerengera zotsatsa za pa intaneti, a Makiyi n'kumamasulira. Akalemba kuti cozy, ankati ndiye kuti ukhoza kutsegula firiji uli gone pabedi. Akalemba kuti sea view, ukwere pa chimbudzi, usuzumire pa kawindo, mwina uona kachidutswa ka buluu pakati pa nyumba ziwiri. Mphindi zisanu kukafika ku metro, kokwerera sitima, anayeza ndi munthu wa pagalimoto mwezi wa Januwale, osati iwe woyenda pansi mu Ogasiti. Fully furnished ndi matiresi a munthu amene anathamangitsidwa mwezi watha. Koma akalemba kuti family building, ankati usavutike n'kuimba foni, sakufuna iwe wobwera wekha wopanda banja. Lamulo lawo linali limodzi ndipo ankalinena kwa aliyense: usasayine usanatsegule mpope, usanagujumule chimbudzi, usanafunse mlonda wa pageti. Ejenti amalipidwa ukalowa, mlonda ndiye amamva kulira kwako ukalowa.

Tsiku lina anachita zimenezi pamaso pa Mwana wa Perefyumu. Azimayi anayi achimalawi ogwira ntchito ku hotela anasonkherana kuti apeze fulati yawoyawo, ndipo anabwera kudzaona ina pa nyumba yomwe ndimalonderayo. Ndinakwera nawo. Ejenti anali akuyamikira kuwala kwa m'chipinda, manja ali m'mwamba, pamene a Makiyi anayandikira mayi wamkulu pagululo n'kuyankhula m'Chichewa akumwetulira, ngati akupereka moni.

"Mayi, denga la kubafa limadontha kuchokera ku chimbudzi cha pamwamba. Penti mukuionayi ndapaka ndine dzulo. Musasayine."

Mayiwo anawayang'ana, n'kumwetuliranso. "Zikomo bambo. Kumudzi kuli bwanji?"

"Kuli mvula yambiri, mayi. Ngati kubafa kwenikweniko."

Ejenti anatembenuka n'kufunsa m'Chingerezi kuti akukambirana chiyani. A Makiyi anati akufunsana za kwawo. "Yalla, Lyson, khalas," anatero mnyamatayo, kuwauza kuti afulumire ndipo nkhani zithe. Azimayi aja anati akaganiza kaye, ndipo sanabwerenso. A Makiyi akanagwidwa tsiku limenelo, bwenzi ntchito itatha, tikiti ya ndege ili m'manja. Ankadziwa, koma ankachitabe. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti munthu amene ndikufuna kumukalipirayu sanali wabodza.

Komabe anatinamiza kamodzi, ndipo kamodziko kanakwanira.

Kampani inafuna kanema wokopa anthu a ku Africa. Munthu amene anamulemba ganyu yodzaima pa kamera sanabwere, ojambula anali atafika kale, ndiye wina anayang'ana pakhomo n'kuona a Makiyi ataima ndi botolo lawo la madzi. Inali fulati ya pamwamba penipeni cha ku Ras Abu Aboud, yoona nyanja yeniyeni ndi bwalo la mpira lomangidwa ndi makontena. Anawaveka suti ya munthu amene sanabwereyo. Inali yaikulu, ndiye kumsana anaipana ndi mapegi oyanikira zovala. Nsapato sizinawakwane, choncho anawajambula kuyambira m'mawondo kupita m'mwamba, pansi ali ndi masilipasi awo. Mwana wa Perefyumu anavula wotchi yake n'kuwaveka. Waya wa makiyi anawalanda n'kuwapatsa kiyi mmodzi wonyezimira, wosatsegula chitseko chilichonse. Ntchito yawo inali kuima pawindo, kutembenuka pang'onopang'ono, n'kunena kuti welcome home. Anabwereza mpaka kukhosi kunauma. Kanema atatuluka, pansi pa nkhope yawo panalembedwa kuti senior property consultant, kutanthauza mkulu wa alangizi a zanyumba.

Ine kunalibe. Anandifotokozera okha atabwerako, akuseka za mapegi. Koma patapita sabata, kanemayo atafika pa foni yawo, kuseka kunatha. Ankamuonera mobwerezabwereza, ataika foni pafupi ndi mphuno. Ndinaona chala chawo chikufufuza dzina la Tadala, mwana wawo wamkazi.

"Madala, musatumize."

"Iwe zikukukhudza pati?"

"Si inu nomwe mumati chithunzi cha nyumba osachikhulupirira usananunkhize kubafa?"

"Ichi si chithunzi cha nyumba. Ndi cha ine."

"Ndi cha suti ya eni ake."

Kenako anati Tadala chibadwire sanawaonepo atavala jekete. Pa zithunzi zonse zomwe anatumizapo kumudzi anali mu yunifolomu ya dzina la kampani pachifuwa. Mwanayo kusukulu akafunsidwa kuti bambo ako amatani ku Qatar, aziyankha kuti amathira madzi m'mabowo? "Andioneko kamodzi, mphwanga. Kamodzi kokha." Anatumiza.

Tadala anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anachita zomwe mwana aliyense akanachita: anaika pa sitetasi. Kuchoka apo kanemayo analowa m'gulu la kwaya, m'gulu la kumpingo, m'gulu la anthu a kwawo okhala ku Joni. Tsamba lina la pa intaneti, la aja amalemba nkhani asanafunse aliyense, linamutenga n'kulemba kuti nayu Mmalawi amene akugulitsa nyumba zosanjikizana ku Qatar. Mnyamata wina wopanga makanema olimbikitsa achinyamata anawonjezera kuti mkuluyu anayamba ngati dalaivala koma lero nyumba zina mwa izo ndi zake. Palibe mmodzi mwa iwo anaimba foni kudzafunsa. Anthu akwathu anali ataonera kale pa TV mmene ogulitsa nyumba amakhalira, magalimoto awo ndi maphwando awo, ndiye ataona wakwawo ali pawindo ndi wotchi, zotsalazo anamaliza okha m'mutu.

Foni ya a Makiyi inayamba kulira. Mng'ono wawo, a Sitivini, ankafuna minibasi. Kumpingo anawasankha kukhala mlendo wolemekezeka pa Pepa Sande ali kuno. Asuweni omwe anali asanayankhule nawo chiyambire anatulukira ndi ana ofuna ntchito ku kampani ya amalume. A Makiyi ankajambula mawu n'kutumiza, kufotokoza kuti suti inali yobwereka, iwo ndi dalaivala basi. Yankho linkabwera lomwelomwelo: olemera amatero. Ena ankati ndi kudzichepetsa, ena ankati ndi umbombo. A Nabanda okha ndi amene ankadziwa zoona, chifukwa ndi amene ankalandira zomwe zinkatumizidwa ndipo ankadziwa kuti malata anagulidwa awiriawiri.

Apa ndi pomwe tinayambana kwambiri. Ndinawauza kuti mankhwala ake ndi osavuta. Ndiwajambule akuthira madzi m'bowo la kubafa, ndijambule chipinda chathu cha anthu asanu ndi mmodzi, mabedi osanjikizana, zovala zoyanika pa chingwe pamwamba pa mitu yathu, titumize m'magulu omwewo.

"Ukufuna undivule pamaso pa mudzi wonse?"

"Ndikufuna akusiyeni."

"Atopa okha. Nkhani za pa foni sizikhalitsa."

"Madala, mumauza anthu osawadziwa kuti denga likudontha. Abale anu mukulephera kuwauza?"

Anaimirira, makiyi n'kugwa pansi. Anati ine ndilibe mwana, sindidziwa kanthu, ndipo tsiku lomwe ndidzajambule bedi lawo ndidzasamuke m'chipindamo. Masiku anayi sitinayankhulane. Lachisanu lake anandigulira tiyi n'kumuika pafupi ndi nsapato zanga. Ndinamwa. Za kujambula sindinazitchulenso, ndipo mpaka lero ndimadzida chifukwa cha tiyi ameneyo.

Anamwalira mu Ogasiti, masana, dzuwa lili pamutu. Pa nyumba ina yomwe pa intaneti inalembedwa kuti ndi yosamalidwa bwino, lifiti inali itafa kwa masiku angapo. Fulati yokaonetsa inali pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri. Anawapeza pa masitepe pakati pa yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, botolo litagubuduzika mpaka pansi. Adokotala anati ndi mtima. Pa foni yawo panali mamisidi kolo a Mwana wa Perefyumu ndi uthenga wofunsa chifukwa chake m'fulatimo mukununkha.

Kampani inatumiza thupi kumudzi, zimenezo sindinama. Katundu ndinalongedza ndine, ndipo anakwana mu sutikesi imodzi: mayunifolomu atatu, Baibulo, mapilitsi a BP, juzi, kabotolo ka perefyumu ka Tadala, ndi thumba la mahinjesi ndi zogwirira zitseko zomwe ankagula pang'onopang'ono m'mashopu a ku Najma. Waya wa makiyi kampani inatenga tsiku lomwelo. Ku Mitundu sutikesiyo anaitsegula pabwalo, tsiku lotsatira maliro, abale onse atazungulira. Madzulo ake foni yanga inalira.

"Ndiwe mnyamata amene unkakhala ndi achimwene?"

"Ndine, bambo. Pepani ndi zovutazi."

"Ine ndine Sitivini. Mapepala a nyumba zija ali kuti?"

"Nyumba ziti?"

"Usandiyese mwana. Dziko lonse laona. Munthu wogulitsa nyumba ku Qatar angabwere ndi mahinjesi?"

"Bambo, achimwene anu anali dalaivala. Suti ija kumsana inali ndi mapegi."

"Mapegi! Mwapangana ndi alamu eti? Akupatsa zingati?"

Ndinadula foni, chifukwa zomwe zinali pakamwa panga si zouza munthu wamkulu. Ndinalakwitsa. Iwo anamva ngati ndathawa. Anakhala pansi monga banja n'kugwirizana kuti popeza a Nabanda abisa chuma cha ku Qatar, abale atenge kaye chomwe chikuoneka, adzabweza mayiwo akaulula. Ndi mmene malata anachokera. Mvula ya chaka chatha inagwera m'zipinda, khoma limodzi linang'aluka. A Nabanda ndi Tadala akukhala kwa mchemwali wawo, chipinda chimodzi ndi ana a eni nyumba. Tadala sanandiimbirepo. Amayi ake akuti foni anaigulitsa, ndipo dzina la bambo ake likatchulidwa amatuluka panja. Malatawo sanagulitsidwe, ali kuseri kwa nyumba ya a Sitivini, akudikira mayi aulule chinthu chomwe kulibe. Mvula ina ikubwera mu Novembala, ndipo makoma amenewo sapirira kawiri.

Ndinapita ku ofesi ya kampani katatu pa tsiku langa lopuma. Ndinapempha zinthu ziwiri: kalata yonena ntchito yeniyeni ya a Makiyi, ndi kuti kanemayo amuchotse. Mwana wa Perefyumu anandigwira paphewa. "Mafi mushkila, habibi, inshallah bukra." Palibe vuto, mawa. Kalata inatuluka ulendo wachitatu, ya mizere iwiri, yonena kuti anali dalaivala. Ndinaitumiza. A Sitivini anayankha kuti makalata amagulidwa, koma kanema sanama. Ndipo kanemayo sanachotsedwe. Akuti amabweretsa makasitomala. Munthu anafera pa masitepe awo, koma pa intaneti akutembenukabe pawindo, akulandira anthu kunyumba.

Ndiye ndachita chomwe anandiletsa. Bedi lawo lagonedwa ndi anthu awiri chimwalirireni, ndipo wachiwiriyo wabwerera kwawo sabata yatha. Mwini chipinda walitsatsa kale pa intaneti, akuti executive bed space, malo ogona a mabwana, opita mphepo, pafupi ndi chilichonse. Lolemba kubwera munthu. Dzulo masana, anzanga ali ku ntchito, ndinalijambula, ndipo ndatumiza pamodzi ndi zomwe ndalembazi ku gulu la banja la a Kamwendo. A Sitivini, muonere mpaka kumapeto.

Ndi bedi lachitsulo, lam'munsi, pakona pafupi ndi chitseko. M'lifupi mwake ndi zikhato zanga zinayi. Munthu sungakhale tsonga osagunda mutu. Matiresi ali ndi dzenje pakati, ndipo mwendo umodzi wa bedi waima pa katoni yopindapinda. Chinsalu chomwe ankatchinga nacho kuti apeze kamdima kawokawo chinapita ndi munthu wina, patsala chingwe chokha. Pakhoma pali banga lakuda pomwe ankatsamiritsa mutu akamayankhula ndi a Nabanda. Pansi pa bedi, pomwe pankakhala sutikesi, pali fumbi ndi chivindikiro cha botolo la mapilitsi.

Kuti muone chotsalacho ndinachita kugona chagada pamalo pawo, chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo. Pa thabwa la bedi lam'mwamba, pomwe maso awo ankayang'ana akagona, pali pulani ya nyumba yojambula ndi pensulo. Ili ndi khonde, khitchini, ndi zipinda zitatu, chilichonse ndi muyeso wake wa mapazi, pena pofufutidwa ndi malovu n'kulembedwanso. M'chipinda chachikulu analembamo kuti Ife. M'chachiwiri, Tadala. Chachitatu ndi chaching'ono, chili kumapeto, koma anachipatsa windo lake ndi chitseko chotulukira panja. M'menemo analembamo kuti Sitivini akabwera.